Chidebe cha miyala yofiira ya ku Antrim: lipoti la kafukufuku amene sanabale mgodi

Nkhani imeneyi inayamba ndi chidebe cha miyala. Anachibweretsa ku ofesi kwathu ndi bambo wina woweta nkhosa kugombe la kum'mawa kwa County Antrim ku Northern Ireland, kufupi ndi Red Bay. Mvula inali itagwa masabata angapo osakata, ndipo mbali ina ya chitunda kumunsi kwa munda wawo inagumuka. Kwathu tikanangoti kwadutsa Napolo. Pogumukapo panaonekera mzere wofiira psuu ngati katondo, wopanikizika pakati pa miyala yakuda. Bambowo anatola miyala yodzaza chidebe, ndipo mkamwini wawo, amene amagwira ntchito pamalo ogula zitsulo zakutha, anaiyeza ndi kamakina ka m'manja ka XRF, kamene kamaunika chinthu ndi X-ray n'kutchula zimene zili m'kati mwake. Kamakinako kanati chitsulo chapitirira 90 peresenti. Iwo anabwera ndi funso limodzi: aboole pansi kuti aone kukula kwa chumacho kodi, nanga kuboolako kungawadyere ndalama zingati?

Ndikulembera anzanga a ntchito ya miyala, makamaka amene angoyamba kumene kutenga masampulo. Mayina a anthu ndi a mundawo ndawasiya dala. Ndineneretu kuti cholakwa chachikulu m'nkhaniyi sichinali cha mlimi kapena cha mkamwini wake, chinali changa.

Nambala ya 90 ija sinandisowetse tulo. Mwa miyala imene amatengamo chitsulo, hematite wopanda chosakaniza chilichonse amakhala ndi chitsulo pafupifupi 70 peresenti, magnetite 72, chotsalacho ndi okosijeni. Dothi lofiira silingapose pamenepo. Kamakina ka kwa ogula zitsulo kamatcheredwa kuti kaziyeza zitsulo zosula kale. Okosijeni sikamuona, silikoni ndi aluminiyamu nthawi zambiri kamazilumpha, kenaka zochepa zimene kaonazo kamazitambasula kuti zikwane 100. Mutakaloza panjerwa yootcha kangakuuzeni kuti ndi chitsulo. Izi ndinawafotokozera tsiku lomwelo ndipo anamva. Koma miyala ina m'chidebemo inali yolemera ndithu m'manja, yodzaza ndi timibulu tonga nzama, ndipo tina tinkamata pa maginito. Mwala umenewo ndinkaudziwa, ndiwo unakumbitsa migodi m'zigwa za Antrim.

Malo ake

Amene wadutsa pamsewu wa m'mbali mwa nyanja wochokera ku Larne kupita ku Cushendall amadziwa maonekedwe a maphompho a kumeneko: pansi poyera, pamwamba pakuda. Choyeracho ndi choko cholimba cha nyengo ya Cretaceous. Chakudacho ndi basalt, chiphalaphala chimene chinatuluka m'ming'alu ya nthaka zaka pafupifupi 60 miliyoni zapitazo, pamene Greenland ankayamba kupatukana ndi Ulaya. Sichinatuluke kamodzi. Chinkasefukira, n'kuuma, china n'kubwera pamwamba pake, kotero kuti paphompho umatha kuwerenga miyalo ngati mmene umawerengera mizere ya njerwa pakhoma. Muyalo uliwonse uli ndi pakati polimba ndi pamwamba pa timabowo ta mpweya, ndipo timabowoto nthawi zambiri tinadzaza ndi timiyala toyera ta zeolite.

Miyaloyi imagawidwa patatu: Lower Basalt, Interbasaltic ndi Upper Basalt. Gawo lapakatilo ndi nthawi imene moto unapuma kwa zaka zambirimbiri. Nyengo inali yotentha ndi yamvula, ndipo pamwamba pa Lower Basalt panaola n'kusanduka dothi lofiira lotchedwa laterite, malo ena mpaka mamita 30 kuya kwake. Mvula inakokolola calcium, magnesium, sodium ndi silika wambiri, n'kusiya zimene sizisungunuka msanga: chitsulo, aluminiyamu ndi titanium. Ndi mmenenso bauxite (mwala umene amatengamo aluminiyamu) wa pa Lichenya paphiri la Mulanje anapangikira, amene katswiri wa miyala Frank Dixey anamupeza mu 1924, kungoti kumeneko mwala umene unaola ndi syenite. Ku Giant's Causeway, kumene kuli mizati ya basalt pafupifupi 40,000, mzere wofiira wa laterite ameneyu umaoneka bwino m'mbali mwa njira ya alendo.

Laterite wa Interbasaltic ali ndi ndondomeko yake, ndipo ndondomekoyi ndiyo mtima wa nkhani yathu. Pansi pamakhala basalt woyamba kuola, wosendeka ngati anyezi. Pamwamba pake lithomarge, dongo lofiirira mosakanikira ndi mtundu wa maluwa a mbatata, la timadontho toyera, ndipo ndilo lalikulu pa zonse. Kenaka gawo limene akumigodi ankalitcha pavement, la chitsulo chochepa ndi aluminiyamu wambiri. Pamwamba penipeni, mopanikizidwa ndi chiphalaphala chimene chinadzabwera pambuyo, ndi pamene pamakhala kamuyalo ka timibulu tija, kawirikawiri kosakwana mita imodzi. Kamuyalo kameneka ndi kamene anthu ankakakwawira m'mauna kuyambira m'zaka za m'ma 1860 ku Glenravel, ku Cargan ndi ku Glenariff. Mu 1873 anayala njanji yaing'ono yotsitsa miyalayo m'chigwa cha Glenariff kufika kudoko pa Red Bay, koma kampani yake sinakhalitse.

Palinso chofiira china. Pakati pa miyalo iwiri ya basalt, ngati panadutsa nthawi yochepa chabe, pamwamba pa muyalo wapansi pamachita dzimbiri, n'kuotchedwa ndi wotsatirawo. Kamzere kameneka timakatcha bole. Nkofiira mofanana, mwinanso kuposa, koma sikanakokoloke mokwanira kuti chitsulo chiunjikane. Ndipo kuti zinthu zisokoneze bwino, kufiira kwa matanthwe a pa Red Bay penipeni nkwa miyala ya mchenga yakale kwambiri, yosakhudzana ndi ziwirizi.

Ulendo woyamba, ndi pamene ndinaphonya

Ndinapita tsiku lamvula, nthawi yanga ili yochepa. Bambowo ananditengera molunjika pogumuka paja. Mzere unalipodi, wofiira, wonyowa, kutalika kwake m'mbali kokwana mamita angapo. Ndinaloza kamakina kathu ka XRF, kotcheredwa bwino ka miyala, m'malo angapo. Manambala ankalumphalumpha, ena okwera, ena otsika. Ndinatola zidutswa zooneka bwino, ndinaziika m'matumba, ndinajambula zithunzi n'kubwerera. M'kalata yoyamba ndinalemba kuti mzerewo uyenera kuti ndi wa Interbasaltic.

Ndinalemba choncho chifukwa m'mutu mwanga munali kale chidebe chija. Ndinali nditaona timibulu ta nzama ku ofesi, ndiye nditafika pamalopo maso anga ankangofuna chotsimikizira. Sindinafunse funso limene ngakhale wophunzira wa chaka choyamba amauzidwa kuti azifunsa: mwala uwu munautola pati penipeni? Ndinangoganiza kuti zonse za m'chidebe zinachokera mumzeremo. Usiku poyang'ananso zithunzi ndi pamene ndinaona kuti mwa zidutswa zimene ndinatola ndekha munalibe kambulu ngakhale kamodzi.

Za kamakina ka m'manja ndinenepo pang'ono, poti masiku ano aliyense akukakhulupirira ngati sing'anga. Kamawerenga kachikopa ka pamwamba chabe, pabwalo losaposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Mwala ukachita dzimbiri kunja, kamawerenga dzimbirilo, osati mwalawo. Ukanyowa, madzi amameza chizindikiro cha aluminiyamu, silikoni ndi magnesium, zomwe ndi zimene zikanandiuza ngati mwalawo unakokoloka kapena ayi. M'mbali mwa nyanja onjezaniponso mchere umene mphepo imawaza pamiyala. Kamakinaka nkabwino posankha poti utenge sampulo, koma si kolembera lipoti.

Ulendo wachiwiri

Ndinabwerera ndi mnzanga wamng'ono pantchito, titayang'ana kaye nthawi imene madzi a m'nyanja amaphwa. Ulendo uno tinakana kuyambira pamzere wofiira. Tinayambira kugombe, tepi ndi kampasi m'manja, n'kumakwera pang'onopang'ono tikulemba mwala uliwonse umene tapondapo.

Kumunsi kwenikweni, m'kangalande ka madzi, tinapeza dongo lotuwa, loterera ngati sopo. Limenelo ndi dongo la Lias, la nyengo ya Jurassic, limene lili pansi pa choko, ndipo ndilo gwero la kugumuka konse kwa gombe limeneli. Madzi amalowa m'ming'alu ya basalt ndi choko, akafika padongolo amaima, dongolo n'kufewa, ndipo chimpanthi chonse cha phiri chimatsetsereka. Ku Garron Point zimpanthi zotere zimaoneka uli pamsewu, zina zazikulu kuposa mudzi. Titakwera tinapeza choko, kenaka basalt, miyalo iwiri, kenaka mzere wathu uja. Mnzangayo anaika kampasi pamzerewo n'kunditchulira nambala imene inandiimitsa: unapendekera kuphiri madigiri opitirira 20. Miyalo ya basalt ya dera limeneli, ikakhala pamalo pake, imangopendekeka madigiri owerengeka. Titapitirira kukwera, kudutsa kadambo kamene kali kuseri kwa chitundacho, tinakumananso ndi choko. Choko kawiri paphiri limodzi. Apa zinadziwika kuti chitunda chonse chimene tinali kuyezacho chinali chimpanthi chotsetsereka kalekale kuchokera kumtunda, ndipo kugumuka kwa chaka chimenecho kunangosenda mphumi yake.

Tsono kuwerenga kunakhala kosavuta. Mzere wofiira unali miyalo iwiri yokha pamwamba pa choko, kutanthauza kuti uli kumayambiriro kwenikweni kwa Lower Basalt. Interbasaltic amakhala pamwamba pa Lower Basalt yense, kutali kumtunda. Tinapala mzerewo ndi fosholo kuti tione mkati. Kuchindikala kwake kunali ngati kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala. Pansi pake panalibe lithomarge ngakhale pang'ono. Kufiirako kunkangozilala pang'onopang'ono n'kulowa mu basalt wa timabowo, zeolite akadali mbee m'timabowomo. Anali bole.

Ndikanatha kuimira pomwepo. Koma ndinali nditalemba kale kalata yolakwika, ndipo munthu amene wauzidwa kuti ali ndi chuma samubweza ndi mawu apakamwa. Ndinafuna manambala oti aime okha.

Katengedwe ka masampulo

Tinasiya zotola zidutswa zokongola. Dzanja la munthu limasankha lokha mwala wolemera ndi wowala, ndipo ukatola khumi otere umakhala wayeza kukonda kwa maso ako. M'malo mwake tinasenda kaye kunja konse kwa dzimbiri ndi mchere, kenaka ndi hamala ndi tchizulo tinasema kangalande kofanana m'lifupi ndi kuya, kudula mzerewo kuchokera pamwamba mpaka pansi, zogwa zonse zikugwera pa pulasitiki woyala. Tinasema ngalande zitatu motalikirana, ndipo iliyonse tinaidula pamene mwala ukusinthira, osati pa muyeso wongoganizira. Tinatenganso basalt wosaola wa muyalo wapansi pake. Ameneyu ndiye kholo la bole, ndipo popanda kumuyeza sungadziwe chimene chawonjezeka kapena kuchoka. Za m'chidebe tinazipatula pawiri, za timibulu pazokha, zadothi pazokha, n'kuzipatsa manambala ngati masampulo ena onse.

M'gulu lomwelo tinabisamo sampulo imodzi yobwereza, ina ya quartz woyera wopanda kanthu, ndi ina yogula imene manambala ake ndi odziwika kale. Nambala iliyonse tinailemba panja pa thumba komanso pa kapepala kosalowa madzi mkati, chifukwa inki ya pa pulasitiki mvula ya ku Antrim siichedwera. Ku labotale tinapempha XRF ya mwala wosungunulidwa ndi lithium borate, ndi kuyeza kulemera kumene kumachoka mwala ukaotchedwa pa madigiri 1,000. Chomalizachi musamachisiye poyeza laterite: mwa timiyala topezekamo, goethite wa chitsulo amasunga madzi pafupifupi 10 peresenti ya kulemera kwake, gibbsite wa aluminiyamu kupitirira 30.

Quartz uja anatipulumutsa pa chinthu chimodzi. Anabwera ali ndi chromium, pamene sayenera kukhala naye. Titafunsa, zinapezeka kuti masampulo anaperedwa mumphero ya chitsulo cha chrome. Sindinalembe pa fomu mtundu wa mphero, ndiye sindingaloze chala wina. Pa chitsulo chochuluka chotere kuipitsidwako kunali kosaoneka, koma manambala onse a chromium tinawataya, ndipo zotsala za masampulo tinazipereranso mumphero ya mwala wa agate.

Zimene zinapezeka

Basalt wosaola anali ndi Fe2O3 (chitsulo chophatikizana ndi okosijeni) wopitirira pang'ono 10 peresenti, monga mwa chikhalidwe chake. Bole anakwera pang'ono chabe, osafika 20 m'ngalande zonse zitatu. Silika anali akadali wambiri, calcium ndi magnesium zinatsika koma zinalipo. Titanium ndi zirconium, zimene sizichoka mwala ukamaola ndipo zimakuuza kuchuluka kwa zimene zakokoloka, zinangoposa pang'ono za kholo lake. Zadothi za m'chidebe zinafanana ndi bole ndendende.

Za timibulu zinali dziko lina. Fe2O3 pafupifupi 60, calcium ndi magnesium pafupifupi ziro, titanium wokwera kwambiri. Mwala wotere sungabadwe m'kamzere kamene tinasema. Apa ndikumbutse chinthu chimene chasocheretsa anthu ambiri: 60 wa Fe2O3 si 60 wa chitsulo. Umachulukitsa ndi 0.7, ndipo umapeza 42. Ogula amakamba za Fe, ndiye kuti chitsulo chokha, ma labotale ambiri amalemba Fe2O3, ndipo pakati pa awiriwa pagwera anthu.

Tsono timibuluto tinachokera kuti? Ndinabwerera kachitatu, n'kufunsa funso limene ndinayenera kufunsa tsiku loyamba.

"Bambo, tandionetsani pamene munatola iyi yolemerayi. Osati dera lake, koma pamene munawerama."

Anayamba aseka, kenaka anatsogola. Sanapite kumzere kuja. Anatsikira kumunsi kwake, pamene dothi logumuka linakwirira kanjira ka thirakitala pafupi ndi geti.

"Yolemerayo inali apa, mbwee. Ndinkati yagwa kuchokera pamwambapo."

Tinakumba m'mbali mwa kanjirako, pamene chigumukire sichinafike. Pansi pa udzu panali timibulu tomwe tija, tosakanikirana ndi makala amiyala, zidutswa za njerwa ndi msomali wa dzimbiri. Mapu akale a bungwe la boma lojambula mapu la Ordnance Survey anamaliza nkhani: malire a mundawo akhudza mzere umene munkadutsa njanji ija. Bambowo atauona mapuwo anakumbukira kuti agogo awo ankatuta miyala kumtunda wa njanji yakale n'kumathira pamageti pamene pankachita matope. Chuma chimene anatola chinali chotayika m'ngolo zaka pafupifupi 150 zapitazo, chokumbidwa kumtunda kwa chigwa, ndipo chinayenda ulendo wachiwiri pa ngolo ya agogo awo.

Chigamulo

Ndinawalangiza kuti asaboole. Zifukwa ndinazilemba mosabisa. Mzere wa m'munda mwawo si mwala wa chitsulo. Uli m'chimpanthi chotsetsereka, kotero ngakhale ukanakhala wabwino, ukanathera pomwe chimpanthicho chathera. Kubweretsa makina olemera ndi kupopera madzi m'nthaka yokhala pa dongo la Lias, pamwamba pa msewu wodutsa anthu, nkuputa tsoka. Ndipo ngakhale kamuyalo kenikeni ka Interbasaltic, kopyapyala, ka titanium wambiri, kokwiriridwa ndi basalt, sikangapikisane ndi migodi ya ku Pilbara ku Australia kapena ku Carajás ku Brazil, imene imatumiza mwala wa chitsulo choposa 60 peresenti pa sitima zikuluzikulu. Ndinawonjezera chimene sankachidziwa: malinga ndi lamulo la migodi la 1969 la Northern Ireland, miyala yambiri yamtengo ya pansi pa nthaka ili m'manja mwa boma, ndipo wofuna kufufuza amayenera kutenga laisensi. Kukhala mwini munda si kukhala mwini chitsulo.

Kalata yoyamba ija ndinaibweza polemba, n'kunena kuti ndinalakwitsa ndi chifukwa chake. Ulendo woyambawo sindinawalipiritse. Bwana wanga sanakondwe nazo kwenikweni, koma sanatsutse.

Mkamwini uja ndiye anavuta pang'ono. Anati mwina tasema malo olakwika, mwina chuma chili mkati. Ndinamutenga n'kukamuimika pa choko chapansi, kenaka pa choko chapamwamba, n'kumufunsa kuti mwala umodzi ungapezeke bwanji kawiri. Anayang'ana kumtunda, anayang'ana kunyanja, n'kungoti basi.

Chimene sitinkachiyembekezera

Popeza tinali kale pamalopo, ndinapempha kuti tikwere kubusa lakumtunda, kumene Interbasaltic weniweni amayenera kudutsa. Ndinkangofuna kuti bambowo aone kusiyana ndi maso awo. Tinamupezadi m'kamtsinje: lithomarge wa timadontho toyera, wofewa moti mpeni umalowa. Koma chapafupi pomwepo panali kadzenje kozungulira m'udzu, ngati mbale, ndipo kumunsi kwake madzi ofiira ankatuluka pa mulu wa miyala umene unamera zitsamba. Bambowo anati dzenjelo lakhala likukula pang'onopang'ono, ndipo chaka china nkhosa inathyokeramo mwendo. Ankaliyesa kasupe.

Linali khomo la mgodi wakale logwa, ndipo dzenjelo linali denga la una likutitimira. Lithomarge akanyowa salimba, ndipo mitengo imene akumigodi ankachirikizira denga inaola kalekale. Sitinalowe, ndipo musamalowe: mumauna otere mpweya umatha popanda chokuchenjeza. Tinatenga malo ake pa GPS n'kudziwitsa a Geological Survey of Northern Ireland, amene amasunga kaundula wa migodi yosiyidwa. Tsiku lomwelo bambowo anazunguliza waya, ndipo anasiya kudutsitsa thirakitala pamenepo.

Anafunsanso ngati dothi lofiiralo lingadwalitse nkhosa. Masampulo operedwanso aja anaonetsa nickel ndi chromium wokwera, koma mofanana ndi mmene kafukufuku wa Tellus, amene anayeza dothi la Northern Ireland yense pakati pa 2004 ndi 2007, anapezera pa dothi lonse lokhala pa basalt wa Antrim. Ndi chibadwa cha mwalawo, osati zotsala za mgodi. Za thanzi la ziweto ndinawatumiza kwa dokotala wa ziweto, poti si ntchito yanga.

Kumunsi kuja anakumba ngalande yopatutsa madzi a m'kadambo kuti asamalowe kuseri kwa chimpanthi. Nyengo yozizira yotsatira chitundacho chinasuntha pang'ono, mpanda unapindika, koma sichinagumukenso. Pa fomu yathu yolandirira miyala ku ofesi tinawonjezera mzere umodzi, wofunsa ngati mwalawo unasemedwa pathanthwe kapena unatoledwa pansi, ndipo wotola ndani. Timibulu totsala m'chidebe chija bambowo anakana kutitenga. Tinatipera mu agate, n'kutithira m'botolo, ndipo timatiyeza m'mawa uliwonse tisanatuluke ndi kamakina ka m'manja, kuti tione ngati sikanasochere.